MALO A SIKULUU NDIWO ALAMULA KUCIRA KWA FUPA LOTHYOKA

ANTHU ambiri amene anathyoka fupa la nchafu kapena la msongolo, nacitidwa opaleshoni yoikidwa citsulo, amadabwa pamene aonetsedwa cithunzi ca X-ray ca mwendo wao. Pa cithunzipo pamaoneka citsulo cacitali cogona m'mbali mwa fupa, cokhala ndi mabowo 12 kapena kuposapo, koma masikuluu omangidwamo ali 6 kapena 7 cabe. Mabowo a pakati, amene ali pamalo enieni pamene fupa linathyokera, amakhala opanda kanthu. Wodwala ndi abale ace akaona zimenezi amayamba kunong'onezana kuti mwina masikuluu anacepa m'cipatala, kapena kuti dotolo anagwira nchitoyo mofulumira.

Kawirikawiri mabowo amenewa amasiyidwa dala. Citsulo cimeneci, cimene madotolo amacicha puleti, cimagwira fupa kupyolera m'masikuluu ace, ndipo malo amene sikuluu iliyonse yamangidwa ndiwo amalamula kuti zidutswa za fupa zizigwedezeka motani pamene wodwala akweza mwendo, atembenuka pakama kapena ayamba kuponda pansi. Kugwedezeka kumeneku n'kocepa kwambiri, nthawi zambiri sikufika ndi milimita imodzi yomwe, koma ndiko kumaweruza ngati fupa lidzalumikizana m'miyezi yowerengeka, kapena ngati citsulo cidzathyoka fupalo lisanacire, wodwala nabwerera ku opaleshoni yaciwiri.

Fupa lili ndi njira yace yodzicizira imene linali nayo kalekale zipatala zisanakhaleko. Likathyoka, magazi amaundana pamalopo. Patapita masiku, m'magazi oundanawo mumamera mnofu wanthete, umene pang'ono ndi pang'ono umasanduka cicerewecere, ndipo cicerewecereco cimauma nkukhala fupa latsopano. Fupa latsopanoli limazungulira pothyokapo ngati mfundo ya pa mtengo umene unatemedwa nkupola, ndipo madotolo amalicha callus. Mfundo yotere ndiyo imaciza munthu womangidwa pulasitala, ndi uja amene agona milungu yambiri m'cipatala mwendo wace ukukokedwa ndi zolemera. Cofunika kucidziwa n'cakuti mfundoyi imamera pokhapo pamene zidutswa za fupa zikugwedezeka pang'ono. Thupi limamva kugwedezekako, ndipo limayankha pomanga.

Kumanga fupa kuti lisagwedezeke konse

Oyamba kuika zitsulo pa mafupa analibe maganizo otere. Carl Hansmann wa ku Hamburg m'dziko la Germany anafotokoza za puleti yace mu 1886, ndipo pambuyo pace William Arbuthnot Lane wa ku London ndi Albin Lambotte wa ku Belgium anapititsa nchitoyi patsogolo. Zitsulo za masiku amenewo zinali kucita dzimbiri m'thupi, masikuluu anali kukhwefuka, ndipo mabala anali kutukusira mafinya. Dotolo wina wa ku Belgium, Robert Danis, anapanga puleti yokhala ndi sikuluu yokankhira zidutswa ziwiri za fupa kuti zithinane zolimba. M'buku lace la mu 1949 iye anafotokoza cinthu cimene cinadabwitsa anzace: fupa lothinitsidwa motero linali kucira popanda mfundo iliyonse, monga ngati lawocheredwa.

Dotolo wacinyamata wa ku Switzerland, Maurice Müller, anakaceza kwa Danis mu 1950 ndipo anabwerera kwao atagwidwa mtima ndi zimene anaona. Mu 1958 iye pamodzi ndi Martin Allgöwer, Hans Willenegger, Robert Schneider, Walter Bandi ndi madotolo ena anakhazikitsa bungwe lochedwa AO mumzinda wa Biel, ndipo mu 1959 anatsegula nyumba yofufuzira m'tauni ya Davos. Ciphunzitso cao cinali cakuti cidutswa ciliconse cibwezedwe pamalo pace ndi kumangidwa kuti cisasunthe konse, kuti wodwala ayambe msanga kupinda bondo ndi cigongono m'malo moumira m'pulasitala. Kwa iwo, mfundo yooneka pa X-ray pambuyo pa opaleshoni inali cizindikiro cakuti citsulo sicinagwire bwino.

M'njira imeneyi malo a sikuluu ali ndi nchito imodzi, ndiyo kupha kugwedezeka konse. Ngati fupa lathyoka mopendekeka, dotolo amaboola bowo lalikulupo m'cidutswa capafupi kuti sikuluu idutsemo mosagwira, ndipo mizere yace ikaluma m'cidutswa cakutali cokha. Poimanga, sikuluuyo imakokera cidutswa cakutali kwa cinzace. Iyenera kudutsa mopingasa mzere wa pothyokapo, cifukwa ikapendekeka, zidutswazo zimatsetserekana pamene ikumangidwa. Mu 1969 bungwe la AO linatulutsa puleti yochedwa DCP, imene mabowo ace ndi otalikirapo ndi otsetsereka m'kati. Sikuluu ikaikidwa ca kumapeto kwa bowo lotere, mutu wace umatsetserekera pakati pamene ukumangidwa, nukokera fupa pafupifupi milimita imodzi kulinga pothyokapo. Sikuluu yomweyo ikaikidwa pakati pa bowo siikoka kanthu. Motero kusuntha pobowola ndi kamtunda kocepa ngati kukhuthala kwa cikhadabo kumasiyanitsa fupa lothinana ndi fupa lokhala ndi mng'alu.

Njira imeneyi ikali kugwiritsidwa nchito mpaka lero, ndipo palibe ina yoiposa pa mafupa awiri a mkono wa munthu wamkulu ndi pa mafupa othyokera m'kati mwa bondo kapena kakolo, pamene mfundo ingalepheretse ciwalo kupindika. Bvuto linaonekera pa mafupa ophwanyika m'zidutswa zambiri, monga zimacitikira pa ngozi za pamseu. Kuti dotolo abweze kacidutswa kalikonse pamalo pace, anayenera kukasenda kumnofu umene umakadyetsa magazi. Cithunzi ca X-ray ca tsiku la opaleshoni cinali kukongola, koma tizidutswa tina tinali titafa, ndipo fupa lakufa silifulumira kulumikizana.

Muyeso wa Perren

Amene anamasulira cinsinsi ca nkhaniyi ndi Stephan Perren, yemwe anatsogolera nyumba yofufuzira ya ku Davos kwa zaka zambiri ndipo anamwalira mu 2019. Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 iye anaphunzitsa kuti cofunika si kukula kwa kugwedezeka pakokha ai, koma kugwedezekako poyerekeza ndi kukula kwa mpata umene uli pakati pa zidutswa. Mnofu wanthete ungathe kutamuka mpaka kuwirikiza kawiri utali wace usanang'ambike. Cicerewecere cimapirira kutamuka kwa pafupifupi 10 peresenti, pamene fupa louma limasweka likatamuka kupitirira 2 peresenti. Palibe mnofu umene ungamere pamalo potamuka koposa muyeso umene iwo ungapirire.

Masamu ace ndi apafupi. Ngati zidutswa zisuntha ndi theka la milimita pa mng'alu wa milimita imodzi, mnofu wa mumng'alumo watamuka ndi 50 peresenti, ndipo fupa silingamere mmenemo. Kusuntha komweko kwa theka la milimita kukagawidwa pa malo ophwanyika otalika mamilimita 10, kutamuka kwace ndi 5 peresenti cabe, ndipo mfundo imamera bwino. Apa ndipo pali codabwitsa cimene anthu ambiri sacidziwa: fupa lophwanyika kwambiri limapirira kugwedezeka koposa fupa longothyoka pawiri. Loopsa ndi fupa lothyoka pawiri limene lamangidwa molimba koma mng'alu waung'ono utatsala, pakuti pamenepo palibe kuthinana kokwanira kuti licire popanda mfundo, ndiponso palibe kugwedezeka koyenera kuti mfundo imere.

Umboni wakuti kugwedezeka pang'ono kumathandiza unacokera ku England mu 1985, pamene Allen Goodship, katswiri wa ziweto, ndi John Kenwright, dotolo wa mafupa, anadula fupa la msongolo wa nkhosa ndi kulimanga ndi zitsulo za kunja kwa khungu. Nkhosa zina anali kuzigwedeza fupalo ndi makina, kulikankha ndi kulileka maulendo 500 pa mphindi 17 tsiku lililonse. Nkhosa zimenezi zinamera mfundo msanga ndipo mafupa ao analimba mofulumira koposa a nkhosa zomangidwa osagwedezedwa.

Kuyambira pamenepo madotolo anayamba kuika puleti monga mlatho. Dotolo sakhudza konse malo ophwanyika. Amawongola mwendo kuti utali wace ndi kuloza kwa phazi zikhale monga kale, amalowetsa puleti yaitali pansi pa minofu kupyolera m'mabala ang'onoang'ono, ndipo amaimanga kumtunda ndi kumunsi kokha, m'zidutswa ziwiri zikuluzikulu. Tizidutswa ta pakati timatsala ndi magazi ao, ndipo mfundo imatikuta tonse pamodzi.

Masikuluu awiri a m'kati

Pa mlatho wotere, masikuluu ofunika koposa onse ndi awiri amene ayandikana ndi pothyokapo, imodzi kumtunda ndi ina kumunsi. Cigawo ca puleti cimene cili pakati pa awiriwa ndico cokha cili ndi ufulu wopindika. Munthu aliyense amene anaolokapo kamtsinje pa thabwa adziwa kuti thabwa loyalidwa pa ngalande yaing'ono silinepa, pamene thabwa lomwelo likayalidwa pa khwawa lalikulu limanepa mpaka kuopsa. Akatswiri a zomangamanga amanena kuti mpata ukawirikiza kawiri, thabwa lopondedwa pakati limanepa kuwirikiza kasanu ndi katatu. Puleti yomangidwa pa fupa siitsata muyeso umenewu ndendende, cifukwa fupa limaichinga mbali imodzi, koma lamulo lace ndi lomwelo. Dotolo akasiya bowo lopanda sikuluu pafupi ndi pothyokapo, watalikitsa mlatho, ndipo walola zidutswa kugwedezeka koposa.

Mu 2003 Karl Stoffel ndi anzace anayesa zimenezi pa mafupa opangidwa m'fakitale. Anapeza kuti kusiya bowo limodzi mbali iyi ndi limodzi mbali inayo ya pothyokapo kunacititsa puleti kufewa pafupifupi kawiri, poipanikiza ndi poipotokola pomwe. Anapezanso kuti kuonjezera masikuluu kupitirira atatu m'cidutswa cimodzi sikunaonjezere kwenikweni kulimba kwace poipanikiza, ndipo kupitirira anai sikunathandize poipotokola. Cifukwa ca ici iwo analangiza kuti pa nchafu ndi msongolo, pamene kulemera kwa thupi kumapanikiza fupa, masikuluu awiri kapena atatu mbali iliyonse akwanira, koma pa mkono, umene nchito yace yaikulu ndi kupotokola ndi kutembenuza zinthu, pafunika atatu kapena anai. M'caka comweco madotolo awiri a ku Switzerland, Emanuel Gautier ndi Christoph Sommer, analemba malangizo amene afalikira kwambiri: puleti ikhale yaitali kawiri kapena katatu kuposa malo ophwanyika, ndipo masikuluu asadzaze kupitirira theka la mabowo ace.

Puleti yaitali yokhala ndi masikuluu otalikirana imagwira bwino koposa yaifupi yodzazidwa bowo lililonse, monga momwe khasu la mpini wautali limapepukira m'manja. Sikuluu ya kumapeto kwenikweni kwa puleti ikakhala patali ndi pothyokapo, mphamvu yofuna kuizula imacepa. Ndiponso bowo lililonse loboola m'fupa limalifooketsa ndi kudula timitsempha ta magazi, motero sikuluu yosafunika ili ndi mtengo wace ngakhale ikhale yaulere.

Pali cifukwa cina cosiyira mabowo, ndico kuteteza citsulo ceniceni. Waya wa mpanda ukapindidwa uku ndi uku pamalo amodzi umatentha nkuduka, ngakhale kuti palibe munthu angaudule poukoka. Puleti nayonso imapindika pang'ono pa phazi lililonse limene wodwala aponda, ndipo pa miyezi itatu mapazi amenewa amakhala zikwi mazanamazana. Ngati fupa lathyoka pawiri ndipo masikuluu awiri a m'kati ali m'mabowo oyandikana, kupindika konse kumaunjikana pa kacigawo kakang'ono ka citsulo, ndipo cimatopa nkuthyoka, kawirikawiri podutsa pa bowo. Mlatho ukatalikitsidwa, zidutswa zimafika pokhudzana mbali yakutali pamene munthu aponda, fupa nkusenza gawo la katundu, citsulo nkupumula.

Komabe lamuloli lili ndi malire, ndipo apa ndi pamene nzeru za dotolo zimayesedwa. Pa fupa lophwanyika kwambiri, pamene mpata uli waukulu ndipo zidutswa zikuluzikulu sizingakhudzane ngakhale puleti inepe motani, kutalikitsa mlatho sikupumulitsa citsulo. Stoffel ndi anzace analangiza kuti pa fupa lotere masikuluu a m'kati aikidwe pafupi ndi malo ophwanyikawo monga kungathekere, popeza malowo ali kale mlatho wautali, pamene pa fupa lokhala ndi mng'alu wocepera mamilimita 2 ndi pamene payenera kusiyidwa bowo limodzi kapena awiri mbali iliyonse. Zithunzi ziwiri za X-ray zingaoneke zosiyana kotheratu, zonse ziwiri nkukhala zolondola.

Khoma lapafupi ndi khoma lakutali

Ca m'ma 2000 kunabwera mtundu watsopano wa puleti, umene wodziwika kwambiri ndi LCP. Mabowo ace ali ndi mizere, ndipo mutu wa sikuluu nao uli ndi mizere, kotero kuti sikuluu imadzikhoma m'puleti momwemo. Puleti yakale inali kugwira cifukwa masikuluu anali kuipanikiza pa fupa, ndipo fupa likakhala lofewa, monga la nkhalamba, masikuluu anali kukhwefuka imodzi imodzi. Puleti yokhoma siifunika kupanikiza fupa, ndipo masikuluu ace sangazuke pokhapokha atazuka onse pamodzi. Kwa okalamba othyoka pafupi ndi bondo, phewa kapena dzanja, ici cinali cithandizo cacikulu. Ofufuza anapeza kuti puletiyo isatalikirane ndi fupa kupitirira mamilimita 2, cifukwa ikafika pa mamilimita 5 imafooka kwambiri.

Posakhalitsa panaoneka bvuto lina. Fupa lalitali lili ngati nsungwi, lolimba m'makoma ndi lamphako m'kati. Puleti imagona pa khoma limodzi, ndipo ikanepa, zidutswa zimatseguka ndi kutsekeka monga citseko cimene mahinji ace ali pa puletipo. Khoma lakutali limagwedezeka mokwanira, koma khoma lapafupi, lokhudzana ndi citsulo, limakhala ngati silisuntha konse. Mu 2010 Trevor Lujan, Michael Bottlang ndi anzao a ku America anayeza mfundo pa zithunzi za odwala othyoka nchafu pafupi ndi bondo, napeza kuti mfundo inali kumera mosalingana, yambiri kumbali yotalikirana ndi puleti ndi yocepa kumbali ya puleti, ndipo odwala ena sanamere mfundo yokwanira ngakhale patapita miyezi. Anaonanso kuti mapuleti a titanium anameretsa mfundo yoculuka koposa a citsulo cosacita dzimbiri. Titanium imanepa pafupifupi kawiri kuposa citsulo cimeneco.

Gulu la Bottlang, la mumzinda wa Portland, linapanga sikuluu imene imakhoma m'puleti ndi kuluma khoma lakutali lokha, thunthu lace nkukhala locepa kuti lisakhudze khoma lapafupi. Masikuluu otere amanepa okha ngati timitengo tanthete, motero cidutswa conse cimasuntha molingana, khoma lapafupi ndi lakutali pamodzi. Poyesedwa pa nkhosa, mfundo inamera mozungulira fupa lonse ndipo linalimba koposa. Zida zimenezi n'zokwera mtengo ndipo sizipezeka m'zipatala zambiri, koma zinatsimikiza kuti ngakhale khoma limene sikuluu yaluma limasintha kagwedezekedwe ka fupa.

Wina angaganize kuti mankhwala a puleti youma ndi kungosiya mabowo ambiri. Kafukufuku wina wa ku America wa mu 2016, amene anayerekeza zithunzi za odwala ndi masamu a pa kompyuta, anaonetsa kuti nkhaniyi siili yapafupi motero. Kugwedezeka kuli mitundu iwiri. Kuli kuja kwakuti zidutswa zimayandikana ndi kutalikirana motsata utali wa fupa, ndipo kumeneku kumameretsa mfundo. Kuli kwina kwakuti zidutswa zimatsetserekana cam'mbali monga mphero ndi mwana wace, ndipo kumeneku kunaoneka kuti kumaletsa mfundo. Mlatho ukatalika kwambiri, kutsetserekana kwa cam'mbali kumakula msanga koposa kwina kuja. Dotolo amene asiya mabowo oculuka mopitirira angapeze kuti waonjezera kugwedezeka kosafunikako.

Akatswiri a pa yunivesite ya Edinburgh ku Scotland, Alisdair MacLeod, Hamish Simpson ndi Pankaj Pankaj, anafufuza mbali ina ya nkhaniyi, ndiyo katundu amene fupa limasenza pozungulira sikuluu iliyonse. Masikuluu sagawana katundu mofanana. Oyandikana ndi pothyokapo amasenza wambiri, ndipo m'fupa lofewa la munthu wokalamba ndi pamenepo pamene fupa lingayambe kunyenyeka, sikuluu nkukhwefuka. Nayonso sikuluu ya kumapeto kwa puleti ili pamalo obvuta, pakuti ndi pamene citsulo couma cimathera ndi fupa lopanda cochinjiriza limayambira, ndipo okalamba ena akagwanso amathyokera pomwepo. Pa cifukwa cimeneci madotolo ena amaika sikuluu wamba, yosakhoma, m'bowo lotsiriza.

Zonsezi dotolo amazilingalira opaleshoni isanayambe, ali ndi cithunzi ca X-ray patsogolo pace, kuwerenga mabowo ndi kusankha amene adzadzazidwa. Koma kugwedezeka kwa fupa sikudalira masikuluu okha, kumadaliranso katundu amene aikidwa pa mwendowo, ndipo ameneyu ali m'manja mwa wodwala. Puleti imene inakonzedwa kuti zidutswa zisunthe theka la milimita pamene munthu aponda pang'ono atagwira ndodo, idzazisunthitsa koposa ngati munthuyo ataya ndodo m'mlungu waciwiri nayamba kusenza matumba a cimanga. Nayenso wogona pakama miyezi yonse cifukwa ca mantha amamana fupa lace kugwedezeka kumene dotolo analikonzera. Fodya amacedwetsa kucira kwa fupa kaya masikuluu aikidwe mwaluso motani, ndipo matenda a shuga osasamalidwa amacitanso cimodzimodzi.

Pa tsiku lobwerera ku cipatala, kawirikawiri patapita milungu 6 ndiponso 12, dotolo amayang'ana ngati mfundo yayamba kuoloka pothyokapo mbali zonse, ngati pali mzere wakuda wozungulira sikuluu wosonyeza kuti ikukhwefuka, ndi ngati puleti yayamba kupindika. Fupa lomangidwa monga mlatho likakhala lopanda mfundo patapita miyezi ingapo, madotolo ena amacita opaleshoni yaing'ono yocotsa sikuluu imodzi kapena ziwiri zoyandikana ndi pothyokapo, kuti mlatho utalike ndipo zidutswa ziyambe kugwedezeka. Ngati puleti yathyoka kale, nchitoyo imayambidwanso ndi citsulo cacitali koposa coyambaco, ndipo nthawi zambiri pamaikidwanso tizidutswa ta fupa totengedwa m'ciuno mwa wodwala yemweyo.